Ndinalipira wa vani, koma chindapusa chabwera kwa ine

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina kumpoto kwa England. Mwezi wathawu ndinagula mipando ina, ndiye ndinafuna kuchotsa sofa yakale, matiresi awiri, firiji yakufa ndi makatoni omwe anadzaza kuseri kwa nyumba. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandipatsa nambala ya mlamu wake yemwe ali ndi vani, ndipo bamboyo amalengezanso ntchito yake pa gulu lathu la WhatsApp. Anabwera madzulo, ndinamupatsa £60 pamanja, ananyamula zonse.

Sabata ino ndalandira kalata ya khonsolo yokhala ndi zithunzi. Katundu yense uja ali mbwee m'mbali mwa kamsewu kolowera kumunda wa munthu, ndipo pa katoni ina pali dzina langa ndi adiresi yanga. Akuti ndilipire £400 pasanathe masiku 14, kapena £250 ndikalipira pasanathe masiku 10. Azakhali, ine sindinataye kanthu. Anzanga ena akuti ndingoisiya kalatayo, akungoopseza. Ndikuopanso za viza yanga. Chondisowetsa tulo kwambiri n'chakuti khonsolo ikufuna dzina la amene ananyamula, ndipo ndikamutchula anthu kutchalitchi adzati ndapereka m'bale. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru, England

Mayi,

Ndiyambe ndi chimene chili ndi tsiku lake, chifukwa masiku 10 aja ayamba kale kutha. Kalatayo musaibise m'dirowa. Mlandu suola. Masiku 14 akadutsa khonsolo isanamve kanthu kwa inu, ili ndi mphamvu yotengera nkhaniyi kukhoti la majisitireti, ndipo kumeneko chindapusa chilibe malire oikika, komanso atha kukusenzetsani ndalama zimene khonsolo yawononga pozenga mlanduwo. Anzanu amene akuti akungoopseza akukufunirani zabwino, sindikukayika, koma tsiku la khoti adzakhala ali kuntchito kwawo.

Mwanena kuti simunataye kanthu, ndipo ndikukukhulupirirani. Khonsolonso mwina ikukukhulupirirani. Mukaiwerenganso kalatayo mtima utakhala pansi, muona kuti sakukuimbani mlandu wotaya. Pali milandu iwiri yosiyana m'lamulo limodzi, la Environmental Protection Act la mu 1990. Gawo 33 ndi la munthu amene wakhuthula zinyalala pamalo osaloledwa, zimene m'kalata zotere amazitcha fly-tipping. Umenewo ndi mlandu wa bambo wa vani, ndipo ndi waukulu: khonsolo itha kumulipiritsa chindapusa popanda kupita kukhoti (mu Julayi 2023 malire ake anafika £1,000), itha kumulanda vaniyo, ndipo zikafika kukhoti lalikulu munthu atha kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Inu akukufunsani pa gawo 34, pa ndime imene inawonjezedwa mu 2005. Ndimeyo imati munthu wokhala m'nyumba achite zonse zimene angathe kuti zinyalala za panyumbapo zipite m'manja mwa munthu wololedwa kuzinyamula basi. Wokhala m'nyumbayo ndi inuyo amene mumagonamo, ngakhale muli pa lendi, sakunena landilodi. Ololedwawo ndi onyamula zinyalala a khonsolo, malo otayira amene ali ndi chilolezo, ndi amalonda amene analembetsa m'kaundula wa Environment Agency ngati onyamula zinyalala.

Choncho funso limene khonsolo ikukufunsani n'lakuti: musanamupatse katunduyo, munafunsa ngati ali wololedwa? Mwa mmene mwalembera, simunafunse. Munadalira mawu a mayi wa kutchalitchi, monga ambiri a ife tikanachitira. Koma lamuloli linalembedwera chimenecho. Kale khonsolo inkangosankha pakati pa kuchenjeza munthu ndi kumutengera kukhoti. Kuyambira Januwale 2019 makhonsolo a ku England anapatsidwa mphamvu yolemba chindapusa ngati chanuchi, chimene pamutu pa kalata chimalembedwa kuti fixed penalty notice. Poyamba chinkalekezera pa £400, ndipo mu Julayi 2023 boma linakweza malirewo kufika £600. Khonsolo iliyonse imadziikira mtengo wake mkati mwa malirewo, n'chifukwa chake mnzanu wa tauni ina angakuuzeni mtengo wosiyana ndi wanu.

Ndikudziwa kuti zikuoneka ngati akulanga wolakwiridwa. Ine ndimaona kuti lamuloli lili ndi chifukwa chomveka, ngakhale likupweteka munthu ngati inu. M'chaka cha boma cha 2023/24 makhonsolo a ku England anakumana ndi nkhani zotaya zinyalala pamalo osayenera pafupifupi 1.15 miliyoni, ndipo 60 mwa 100 zilizonse zinali zinyalala za m'nyumba za anthu: matiresi, mipando, makapeti, matumba akuda. Wotaya amabwera usiku, pamalo opanda kamera, ndipo kumugwira n'kovuta. Chimene chimamusunga pa ntchitoyi ndi makasitomala osafunsa. Tsiku limene aliyense angayambe kufunsa nambala ya chiphaso, vani yake isowa chonyamula. Ndiye boma linaganiza zotseka mpopi kumene madzi akuchokera. Ndipo kumbukirani mwini munda uja. Zinyalala zikatayidwa pamalo a munthu, khonsolo siichotsa mwaulere. Mwini maloyo ndiye amalipira kuti zichoke. Pa zithunzi zimene mwalandirazo pali mlimi amene anadzuka m'mawa n'kupeza firiji ya munthu wosamudziwa yatseka njira ya thirakitala yake, ndipo iyeyo sanalandire ngakhale £1.

Kwathu tinakula ndi dzala kuseri kwa nyumba, ndipo m'matauni timaitana mnyamata wa wilibala, kumupatsa ya ganyu, iye n'kuzimiririka nazo pakona. Sitimufunsa kuti akukazisiya kuti, ngakhale tonse timaona zimene zimayandama m'mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe mvula yoyamba ikagwa. Timaganiza kuti ndalama ikachoka m'manja mwathu, zinyalalazo zasanduka zake. Maganizo amenewo ndi amene akulumani kunoko. Ku England zinyalala zimakhalabe pa dzina lanu kufikira zitalowa m'manja mwa munthu amene boma likumudziwa.

Mtengo uja wa £60 unali chenjezo, ngakhale simukanadziwa. Wamalonda saloledwa kukatula katundu wa makasitomala ake mwaulere kumalo otayira a khonsolo ngati mmene mungachitire inu ndi galimoto yanu. Amapita kumalo a amalonda, kumene amayeza kulemera kwa katunduyo n'kumulipiritsa. Msonkho wokha wa boma pa zinyalala zokakwiriridwa kumtaya unafika £126.15 pa tani mu Epulo 2025, osawerengera mtengo wa eni malowo. Sofa ili ndi vuto lakelake: kuyambira Januwale 2023 mipando yawofuwofu yotayidwa sikwiriridwanso, imakawotchedwa m'ng'anjo zapadera chifukwa cha mankhwala oletsa moto amene ali m'nsalu ndi m'siponji zake. Firiji nayo imayenera kupopedwa mpweya wake kaye isanaphwanyidwe. Muwonjezerepo mafuta a vani ndi thukuta la munthu. Wonyamula wachilungamo sangatenge sofa, matiresi awiri ndi firiji pa £60 n'kutsala ndi kanthu m'thumba. Amene angakwanitse mtengo umenewo ndi amene sakukalipira kulikonse.

Tsopano zochita, ndipo muzichite lero mukaweruka.

Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti katunduyo munamupereka kwa munthu wina. Jambulani mauthenga onse a pa WhatsApp pakati pa inu ndi bamboyo, uthenga umene amalengezera ntchito pa gulu, nambala yake ya foni, ndi tsiku ndi nthawi imene munaimbirana. Chitani zimenezi musanalankhule ndi aliyense, chifukwa mauthenga amafufutika mwamsanga nkhani ikamveka. Ngati pakhomo panu kapena pa aneba pali belu la kamera, funsani ngati vaniyo inajambulidwa. Nambala ya galimoto ndi umboni wamphamvu kuposa dzina. Ngati £60 ija munaitapa pa makina tsiku lomwelo, sitetimenti ya kubanki iwonetsa.

Kenako lowani pa intaneti, pa kaundula wa Environment Agency wa onyamula zinyalala. N'ngwaulere ndipo aliyense atha kufufuzamo dzina la munthu kapena la bizinesi yake. Wonyamula zinyalala za anthu ena pofuna ndalama amayenera kukhala ndi nambala yoyamba ndi zilembo CBDU, ndipo imatha mphamvu pakapita zaka 3 ngati sanaikonzenso. Mukamupezamo, ndipo chiphaso chake chinali chamoyo pa tsiku limene ananyamula, nkhani yanu yasintha kwambiri: munapereka katundu kwa munthu wololedwa, ndipo zimene anachita pambuyo pake ndi zake. Zikatero lemberani khonsolo, tumizani umboniwo, ndipo pemphani kuti achotse chindapusacho. Mukapanda kumupeza, monga ndikuganizira kuti zikhalira, lemberanibe. Fotokozani zoona zokhazokha: tsiku, katundu, ndalama, mmene munamudziwira, ndiponso kuti simunkadziwa za kaundula. Chindapusa chotere chilibe khoti la apilo lakelake, koma khonsolo imayenera kumva mbali yanu, ndipo ili ndi ufulu wochichotsa kapena kuchisiya. Munthu amene wawathandiza kupeza wotaya weniweni amamuona mosiyana ndi amene wangoti chete. Sindikukulonjezani kuti achichotsa. Ndipo dziwani kuti kulemba kalata pakokha sikuimitsa masiku aja. Apempheni kuti akuuzeni molemba ngati akuimitsa kuwerenga masiku pamene akuunika yankho lanu. Akapanda kuyankha tsiku la 10 lisanakwane, ndipo bamboyo mulibe m'kaundula, uphungu wanga ndi woti mulipire £250 ija. Ndi ndalama yambiri kwa munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba, ndikudziwa. Koma kukhoti mukakaimirira ndi mfundo yoti simunadziwe, ndipo kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu.

Chimodzi musachiyese n'komwe, ngakhale wina akunong'onezeni: kunena kuti makatoniwo anakuberani pakhomo, kapena kuti sofayo si yanu. Ofufuza a khonsolo amva nkhani zimenezo kambirimbiri, ndipo bodza likagwidwa amayamba kuganiza kuti mwina wotaya ndinu nomwe. Akakuitanani kuti akakufunseni mafunso mojambula mawu, atakuchenjezani kaye kuti zimene munene zitha kukagwiritsidwa ntchito kukhoti, muli ndi ufulu wofunsa kaye uphungu wa loya. A Citizens Advice amathandiza mwaulere ndipo angakulozereni koyenera. Ngati Chingerezi cha malamulo chikukuzungulirani mutu, pemphani womasulira. Palibe chamanyazi pamenepo.

Za viza, mtima ukhale m'malo. Lamulo limati mukalipira chindapusachi pa nthawi yake, simungazengedwenso mlandu pa nkhaniyi. Ndiye kuti palibe khoti limene lakupezani olakwa. Choopsa chili mbali inayo: mukaisiya kalatayo, nkhani n'kupita kukhoti, khoti n'kukupezani olakwa, chimenecho ndi chigamulo cha mlandu, ndipo mafomu a Home Office amafunsa za zigamulo zotere. Njira imene anzanu akukuuzaniyo ndi imene ingaike mapepala anu pamoto. Sungani kalatayo pamodzi ndi lisiti la malipiro, ndipo tsiku lodzaza mafomu owonjezera viza kapena a unzika, yankhani mafunso onse moona. Pamene funso likukusokonezani, funsani mlangizi wovomerezeka wa nkhani za olowa m'dziko, osati gulu la WhatsApp.

Tibwere ku chimene chikukusowetsani tulo. Sindikuchipeputsa. Kunja kuno tchalitchi ndiye mudzi wathu. Anthu a kutchalitchi ndi amene amakulandirani pabwalo la ndege, amakusungirani ana shifiti ikatalika, amasonkha maliro akagwa kumudzi. Munthu amaopa kutaya zimenezo kuposa mmene amaopera £400, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Mwinanso mukuganiza kuti bamboyo ali ndi mavuto akeake, kuti vaniyo ndiyo ikudyetsa ana ake.

Komabe taonani zimene zinachitika. Munthuyu analandira ndalama yanu akudziwa kuti sakupita kumtaya. Anaona dzina lanu pa katoni, kapena sanasamale n'komwe kuyang'ana, n'kulisiya m'mbali mwa msewu kuti aliyense alitole. Ubale umene mukuopa kuuphwanyawo, iye anauponda kale usiku umenewo. Ndipo simuli nokha. Pa gulu lanulo pali amayi ena amene anamuitana mwezi watha, ndi ena amene amuitane mwezi wamawa, aliyense ndi katoni yake yolembedwa adiresi. Mukabisa dzina lake, simukuteteza mpingo. Mukusankha kuteteza munthu mmodzi n'kusiya ena onsewo kuti kalata ngati yanuyi iwapeze mmodzimmodzi. Ine ndikuti mutchuleni. Perekani kukhonsolo zimene mukudziwa, zoona zokhazokha, osawonjezera ndi osachotsera. Simukumuweruza inu. N'kutheka kuti anapatsira munthu wina katunduyo, n'kuthekanso kuti ali ndi chonena. Zimenezo akafotokoza yekha kwa ofufuza.

Mmene mungachitire ndi pamene pagona ulemu wanu. Musayambe ndi kuponya zithunzi pa gulu. Mukatha kusunga umboni uja, pitani kwa mayi amene anakupatsani nambalayo, muonane pamaso, osati pa foni. Muwaonetse kalatayo. Muwauze kuti simukuwaimba mlandu, chifukwa n'kutheka kuti iwonso sankadziwa zimene mlamu wawo amachita usiku, koma kuti khonsolo yakufunsani dzina ndipo simunama. Akamva kuchokera kwa inu lero, zidzawawa pang'ono kusiyana ndi kudzamva kwa ena mawa. Akakwiya, asiyeni akwiye. Mkwiyo wotere nthawi zambiri umakhala manyazi. Ngati mukuona kuti nkhaniyi ikula, tengani mayi wamkulu mmodzi wa mumpingo amene nonse mumamulemekeza kuti akhalepo.

Bamboyo mutha kumupempha kuti akubwezereni £60 yanu ndi ndalama ya chindapusa, ndipo munthu wa chikumbumtima angabweze. Koma musagwirizanitse ziwirizi. Musanene kuti akakubwezerani simumutchula. Mawu amenewo ndi ogulitsa chete wanu, angakubwerereni moipa, ndipo khonsolo ikadzamupeza mwa njira ina, uthenga wanuwo udzakhala mu foni yake. Akabwera ndi nzeru yoti akachotse katunduyo usiku kuti nkhani ithe, muuzeni akambirane ndi khonsolo. Zithunzi a khonsolo anajambula kale.

Za mtsogolo sindichulutsa, chifukwa njira zake n'zosavuta. Makhonsolo ambiri ali ndi dongosolo lodzatenga katundu wamkulu pakhomo, pa mtengo umene umalembedwa pa masamba awo a intaneti, ndipo ena amachotsera anthu olandira thandizo la boma. Malo a khonsolo otayira zinyalala za m'nyumba amalandira matiresi, mafiriji ndi mipando kwa anthu a m'deralo, ngakhale m'madera ambiri mumayenera kusungitsa nthawi kaye. Mipando imene idakali yabwino, mabungwe achifundo ngati British Heart Foundation amadzatenga mwaulere, bola sofayo ikhale ndi kansalu kake kosonyeza kuti inayesedwa za moto. Musamakadule kansalu kameneko. Pogula firiji kapena makina ochapira atsopano, funsani sitoloyo za kutenga akalewo. Mmisiri akagwira ntchito panyumba panu, zinyalala zimene ntchito yakeyo yatulutsa ndi udindo wake, ndipo muzigwirizana zimenezo asanayambe. Oyenda ndi galimoto kutola zitsulo amayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo lamulo la Scrap Metal Dealers Act la mu 2013 limaletsa kugula zitsulo zotere ndi ndalama yapamanja.

Pali zina zimene ambiri a ife timachita ndi mtima wabwino osadziwa kuti ndi mlandu wa gawo 33 lija, waukulu uja. Kusiya mpando panjira ya oyenda pansi ndi kapepala koti wofuna atenge. Kuunjika matumba pambali pa mabini chifukwa adzaza. Kusiya zovala pakhomo pa shopu ya zachifundo itatsekedwa. Zonsezi makhonsolo amatha kuziwerenga ngati kutaya zinyalala, ndipo amatsegula matumba kufunafuna envelopu ya dzina.

Mukafunanso wa vani, m'funseni nambala yake ya CBDU asanabwere, muifufuze nokha m'kaundula, m'funseni kumene akukatula, jambulani nambala ya galimoto ndi katundu ali m'katimo, lipirani kudzera kubanki, ndipo landirani lisiti lokhala ndi dzina la bizinesi yake. Nambala yokha si chitsimikizo choti munthuyo ndi woongoka, n'chifukwa chake funso la kumene akupita nazo n'lofunika. Wachilungamo amayankha mosazengereza, ndipo ena amakutumizirani lisiti la kumtaya. Owerenga a ku Wales afufuze m'kaundula wa Natural Resources Wales, a ku Scotland mwa SEPA, ndipo mitengo ya zindapusa kumeneko ndi ina.

Nkhani yanu ikatha, pemphani oyang'anira gulu la WhatsApp lija kuti aike lamulo limodzi: aliyense wolengeza ntchito yonyamula zinyalala azilemba nambala yake ya CBDU pansi pa uthengawo, ndipo wopanda nambala uthenga wake uzichotsedwa. Simukufunika kutchula dzina la munthu popempha zimenezi. Ngati bamboyo akufuna kupitiriza ntchitoyi moyenera, kulembetsa ku Environment Agency kumachitikira pa intaneti, ndipo mutha kuwauza mayi aja kuti amufikitsire uthengawo.